Timadzala mitengo chaka ndi chaka, nanga Kaning'ina ikutheranji?

Ikangofika Disembala, mukudziwa kale zimene zimadzaza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Bwana wavala magambutsi atsopano, wagwada pa dzenje limene wina wakumba kale, mbande ili m'manja, ojambula ali pikitipikiti. Kumbuyoko kuli ana a sukulu ndi chinsalu cholembedwa mutu wa chaka chimenecho. Ife timaponyapo ma like, ena n'kulemba kuti "ntchito yabwino bwana". Koma ikafika Okutobala, gulu la WhatsApp lomwe lija limasintha nyimbo. Wa ku Chiputula akufunsa ngati ku Zolozolo madzi akutuluka. Wa ku Mchengautuwa akudandaula kuti thumba la makala lakweranso. Wina waponya chithunzi cha utsi uli tolotolo mbali ya ku Lusangazi.

Zithunzi za mu Disembala zija ndi madandaulo a mu Okutobala ndi nkhani imodzi. Pakati pa ziwirizi pali ofesi imene ambirife sitiidziwa bwinobwino, Nthambi ya za Nkhalango, imene timangoti a folesiti. Ambiri timawadziwira pa rodibuloko akamatsitsa matumba a makala. Koma ntchito yawo ndi yayikulu kuposa pamenepo. Ndi iwowa amene boma linawasenzetsa udindo wosamala nkhalango ndi kutsogolera ntchito yobwezeretsa malo amene anaguga.

Ndiye lero tiyeni tione mmene ntchitoyi inakonzedwera, kuchokera ku Lilongwe mpaka kwa mlonda wa m'tchire. Mmene ndikuonera ine, mbande tili nazo ndipo malamulo tili nawo. Chimene chikutipweteka n'choti ntchitoyi inagawidwa mwa njira yoti pa tsiku lodzala eni ake amachuluka, koma mtengo ukafa woyankha sapezeka.

Kodi a folesiti ndi ndani kwenikweni?

Nthambi ya za Nkhalango si unduna payokha. Ili pansi pa unduna woona zachilengedwe, umene dzina lake limakonda kusintha nduna zikasinthidwa. Mu 2020 unkatchedwa wa za nkhalango ndi zachilengedwe, mu 2022 n'kukhala wa zachilengedwe ndi kusintha kwa nyengo. Nduna zimabwera n'kupita, nthambi imatsala. Likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo mkulu wake ndi amene lamulo limamupatsa mphamvu zopereka ziphaso ndi kusainira migwirizano yosamalira nkhalango. Lamulo lakelo ndi la 1997, ndipo linakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikhwime, makamaka pa nkhani ya makala.

Kuchoka ku Lilongwe ntchito imatsika ngati makwerero. Pali maofesi a m'zigawo, ndipo ya kumpoto ili mommuno mu Mzuzu. Kenako pali maofesi a m'maboma monga Mzimba, Nkhata Bay ndi Rumphi. Pansi penipeni pali alangizi amene amayenda m'midzi ndi alonda amene amayenda m'nkhalango. Pambali pali bungwe la kafukufuku la FRIM ku Zomba, komwenso amasunga mbewu za mitengo, ndi koleji ya za nkhalango ndi nyama zakutchire ku Dedza. Pa Luwinga pomwepa, Mzuni imatulutsa achinyamata a digiri ya za nkhalango. Choncho tisanamizane kuti kulibe anthu odziwa ntchito.

Chimene ambiri sitidziwa n'choti nkhalango zili m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse lili ndi kayendetsedwe kake. Loyamba ndi nkhalango zachilengedwe zotetezedwa ndi boma, monga Kaning'ina kum'mawa kwa mzinda uno, komanso Perekezi ndi Mtangatanga ku Mzimba. Lachiwiri ndi nkhalango zochita kudzala, monga ya Viphya imene timangoti Chikangawa, yomwe ili ndi oyang'anira akeake. Lachitatu ndi mitengo ya pa malo a mafumu, kumene lamulo limalola mudzi kupatula nkhalango yake n'kusankha komiti yoiyang'anira.

Kuyambira 1998, pamene dziko linayamba ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ntchito ya ulangizi pa malo a mafumu inapita ku makhonsolo, pamene nkhalango zotetezedwa ndi zodzala zinatsalira m'manja mwa likulu. Ndiye mkulu wa za nkhalango pa boma amakhala ngati mwana wa makolo awiri: pa zina amamvera bwanamkubwa, pa zina amamvera ku Lilongwe. Pa pepala zimaoneka bwino. Koma mafuta a galimoto akatha, funso loti agule ndani limatha kudya sabata.

Nkhalango imodzi, eni ake mbwee

Tiyeni titenge chitsanzo chimene chikutikhudza tonse. Madzi ambiri amene timatunga pa mpopi mu Mzuzu amachokera ku damu la Lunyangwa, ndipo timitsinje todzaza damulo timachokera m'mapiri a nkhalango ya Kaning'ina. Nkhalango imagwira ntchito ngati thonje. Mvula ikagwa, masamba ndi zinyalala za pansi zimaichedwetsa, madzi amalowa m'nthaka n'kumatuluka pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Mitengo ikachoka, madzi amathamanga tsiku lomwelo atanyamula dothi. Dothilo limakakhazikika m'damu, malo osunga madzi n'kumachepa, ndipo madzi a matope amafuna mankhwala ambiri kuti ayere. Mtengo wa mankhwalawo mukuganiza kuti umathera pa bilu ya ndani?

Pamene izi zili chonchi, anthu akuchuluka. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 134,000 mu Mzuzu. Wa 2018 anapeza 221,272. Aliyense wa ife akufuna madzi, makala, matabwa, njerwa ndi puloti.

Tsopano funso: mwini wake wa malo amenewa ndani? Mitengo ndi ya Nthambi ya za Nkhalango. Damu ndi mapaipi ndi za Northern Region Water Board. Magwero a madzi, malinga ndi lamulo la 2013, amayang'aniridwa ndi National Water Resources Authority. Mapulani a mzinda ndi chilolezo chomanga nyumba ndi za khonsolo ya mzinda, koma malo ena m'tauni muno ndi a unduna wa za malo, ena ndi a Malawi Housing Corporation. Chitukuko chachikulu chisanayambe, woona ngati sichiononga chilengedwe ndi bungwe la MEPA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017. Wogwidwa akudula mtengo amapita kupolisi, kenako kukhoti. Ndipo m'mphepete mwa nkhalango muli mafumu ndi mabuloko lida amene anthu amawamvera kuposa kalata ya ku ofesi. Onjezani apo kuti nkhalangoyi inatambalala kulowera ku Nkhata Bay, kunja kwa malire a mzinda.

Tiyerekeze kuti munthu wagula malo m'mphepete mwa nkhalango, wadula mitengo, waumba njerwa m'dambo, n'kuziotcha ndi nkhuni za momwemo. Mlonda wa nkhalango angathe kumugwira pa mitengo, koma pa nyumba alibe mphamvu. A khonsolo angathe kuletsa nyumba, koma za mitengo si zawo. A madzi akuona matope akubwera, koma sangamange munthu. Aliyense wagwira kachidutswa kake ka mlandu, ndipo pamene makalata akuyenda kuchoka ofesi iyi kupita iyo, nyumba ija yafika pa linta. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga. N'zoona. Koma mitu ikachuluka popanda woitanira, denga lomwelo limagwera pansi.

Amene analipo mu Epulo 2016 akukumbuka mvula imene inagwa masiku otsatizana mu mzinda uno. Nyumba zinagwa m'madera ngati Masasa ndi Chibavi, anthu anataya miyoyo, mabanja anakagona m'misasa. Mvula ija inali yambiri, palibe angatsutse. Koma kumanga m'madambo ndi m'malo otsetsereka opanda mitengo kunakulitsa ngoziyo. Paja madzi saiwala khwawa.

Miyezi 4 ya kamera, miyezi 8 ya ntchito

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Inayamba ngati tsiku limodzi mu 1976 nthawi ya Kamuzu Banda, n'kumakula mpaka kukhala nyengo yathunthu. Chaka chilichonse timamva za mitengo mamiliyoni ankhaninkhani. Zikanakhala kuti yonse imene yalengezedwa kuyambira 1976 inakula, bwenzi lero tikusowa poponda.

Funsani mlangizi aliyense wa za nkhalango, adzakuuzani kuti kalendala yake ndi ya miyezi 12. M'chilimwe amatolera mbewu, kuthira dothi m'machubu, kufesa ndi kuthirira nazale tsiku ndi tsiku. Mvula isanagwe amakumba mayenje. Mvula ikakhazikika ndiye kudzala. Pambuyo pake pali kupalira, kupakiza pamene mbande zafa, ndi kulimbana ndi chiswe ndi mbuzi. Mvula ikangosiya, pamafunika kulambula njira zotchinga moto ndi kutentha udzu mosamala usanaumitsitse, kuti moto wa mu Okutobala udzasowe chakudya. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ndi nthawi yolondera moto usana ndi usiku. Mitengo ya paini ikamakula imafunanso kudulira nthambi ndi kupatulira.

Pa ntchito zonsezi, imene ili ndi mlendo wolemekezeka, ma T-shirt ndi ma alawansi ndi imodzi yokha. Makampani, mabanki, mipingo ndi magulu a achinyamata amabwera pa tsiku lodzala, ndipo nzabwino ndithu. Koma ndi angati amabweranso mu Juni kudzalambula? Munda wa mbande 5,000 ungathe kupsa masana amodzi chifukwa cha munthu mmodzi wosaka mbewa. Ndipo nambala imene imalengezedwa mokweza ndi ya mbande zodzalidwa. Ya mitengo imene yapulumuka imabwera mochedwa, ngati chiwerengero chimodzi cha dziko lonse, chimene sichingakuuzeni kuti pa phiri lakuti papulumuka ingati. Ofesi iliyonse padziko lapansi imalimbikira chimene mabwana ake amawerenga. Mukamawerenga mbande, mudzalandira mbande.

Chodabwitsa n'choti mapepala a boma lomwelo amanena zanzeru kuposa zimenezi. Mu 2016 Malawi inalonjeza, pansi pa mgwirizano wa mayiko a mu Africa wa AFR100, kuti idzabwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Kumeneko ndi pafupifupi theka la mtunda wonse wa dziko lino. Mu 2017 boma linatulutsa ndondomeko yofotokoza njira zisanu zochitira zimenezi: ulimi wosamala nthaka ndi mitengo ya m'munda, nkhalango za m'midzi, kusamala nkhalango zomwe zilipo kale, kuteteza nthaka ndi madzi, ndi kubwezeretsa magombe a mitsinje. Mukaona bwino, zambiri mwa njirazi sizidalira mbande za m'machubu. Nkhalango yachilengedwe ngati ya Kaning'ina, ya masuku ndi mitengo ina ya mtundu wa miombo, imaphukira yokha kuchokera ku zitsa ndi mizu ngati mwaiteteza ku moto ndi nkhwangwa. Kungoti chitsa chophukira sichikoma pa chithunzi.

Chikangawa anatiphunzitsa kale

Ngati mukufuna kuona zimene zimachitika kayendetsedwe kakasokonekera, kwerani basi ya ku Lilongwe n'kukhala pa windo. Nkhalango ya Viphya ndi ya mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo inkatchuka ngati imodzi mwa nkhalango zodzala zikuluzikulu mu Africa. Yambiri inadzalidwa kuyambira m'ma 1960, cholinga chili choti idzadyetse fakitale ya mapepala imene inkayembekezeka kumangidwa cha ku Chintheche. Fakitale ija sinabwere. Mitengo inakula n'kumadikira.

Makolo athu amene anagwirako ntchito amafotokoza dongosolo limene linalipo: masiteshoni ngati Lusangazi, Mazamba, Nthungwa ndi Luwawa, aliyense ndi antchito ake, nazale yake, misewu yake ndi nsanja zoonera moto. M'zaka za m'ma 1990 boma linachepetsa antchito ambiri a m'nkhalango. Mu 1999 kampani ya Raiply inatenga fakitale ya matabwa ya boma, ndipo ili ndi mgwirizano wosamala ndi kukolola mahekitala 20,000. Mbali yotsalayo inatsegukira ocheka matabwa ambirimbiri, ndipo m'ma 2000 mathiraki a matabwa ankatuluka usana ndi usiku, ena kulowera ku Tanzania ndi kupitirira. Kudula kunathamanga kuposa kudzala, moto n'kumalizitsa chaka ndi chaka.

Paini amafuna zaka 20 kapena kuposerapo kuti apereke thabwa labwino. Nzeru yake ndi yosavuta: ngati mtengo ukukula zaka 25, chaka chilichonse mumadula gawo limodzi mwa magawo 25 n'kulidzalanso nthawi yomweyo. Mukatero nkhalango siitha. Ku Chikangawa masamu amenewa anatayika, chifukwa wopereka chiphaso chodula, wolandira ndalama, woyenera kudzalanso ndi wozimitsa moto sanali kuyendera buku limodzi. Wocheka amene wapatsidwa kadera ka miyezi yochepa alibe chifukwa chosamalira mbande imene adzakolole wina mu 2050. Amene ali ndi mgwirizano wa zaka zambiri ali nacho chifukwa, popeza mtengo ukapsa yapsa ndi ndalama yake. Mutha kuikonda kapena kuida nkhani yopereka nkhalango za boma kwa makampani, ndipo mafunso oti anthu ozungulira akupindula chiyani ndi oyenera kufunsidwa. Koma phunziro lake ndi loti pamene pali dzina la woyankha, mitengo imaima.

Nanga ndalama zimachokera kuti?

Nthambiyi imadalira mitsinje itatu. Woyamba ndi bajeti ya boma, imene mbali yaikulu imathera ku malipiro, n'kutsala zochepa za mafuta, mayunifolomu ndi zida. Wachiwiri ndi thumba lapadera la chitukuko cha nkhalango limene lamulo la 1997 linakhazikitsa, kuti ndalama zochokera ku nkhalango zizibwerera ku nkhalango. Wachitatu ndi mapulojekiti a mayiko ndi mabungwe akunja.

Mapulojekitiwa achita zambiri. M'ma 2000, pulogalamu ina ya thandizo la European Union inalimbikitsa zoti midzi yozungulira nkhalango zotetezedwa izisainirana mgwirizano ndi boma, n'kumasamala gawo lake posinthana ndi ufulu wotola nkhuni zouma, bowa ndi kuweta njuchi. Mu 2019 inayamba pulojekiti ya Modern Cooking for Healthy Forests, ya thandizo la America ndi Britain, imene Kaning'ina ndi Perekezi zinali m'gulu la nkhalango zake. Mu 2021 kunabwera Malawi Green Corps, mothandizidwa ndi UNDP, imene inkalemba achinyamata ntchito yobwezeretsa malo oguga.

Vuto lake ndi nthawi. Pulojekiti imakhala zaka zitatu kapena zisanu, mtengo umafuna makumi awiri. Pulojekiti ikatha galimoto zimaima, makomiti amazilala, wachinyamata amene ankalandira kangachepe polondera amabwerera ku kabaza. Ndipo zimene zinachitikira USAID mu 2025 zatikumbutsa kuti mpopi wa kunja ungathe kutsekedwa tsiku lililonse popanda kutifunsa.

Ku Lilongwe anayesa njira ina. Nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumachokera madzi a mzindawo, itafika poipa, mu 2015 boma linatumizako asilikali, ndipo Lilongwe Water Board inathandiza kulipira ntchitoyo. Mfundo yake ndi yomveka: amene akugulitsa madzi aikepo ndalama pa nkhalango imene ikumupatsa madziwo. Komabe panamvekanso madandaulo a nkhanza, ndipo msilikali sangakhale m'tchire mpaka kalekale. Mfuti imagula nthawi basi. Funso la amene adzasamale nkhalango asilikali akachoka limakhala lilipobe.

Tisanaloze chala, tione mbaula yathu

Apa ndiye pamafunika chilungamo, anzanga. N'zosavuta kutukwana a folesiti pa Facebook uku nsima ili pa mbaula ya makala a ku Kaning'ina. Anthu oposa 90 pa 100 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makala ambiri amathera m'matauni, kwa ife amene tili ndi mafoni. Mnyamata amene amatsika ndi njinga m'bandakucha atasanja matumba atatu sakuchita masewera. Akusaka ya sopo ndi fizi, ndipo kasitomala wake ndi inu ndi ine.

Lamulo silinaletse makala onse. Limati wootcha akhale ndi chiphaso, ndipo mitengo yake ichokere pamalo pamene akudzalanso. Ku Viphya komweko, kampani ya Kawandama Hills inaonetsa kuti makala ovomerezeka, ochokera ku mitengo yodzala, ndi otheka. Boma lilinso ndi ndondomeko ya makala ya 2017 mpaka 2027, imene imakamba za gasi, magetsi, mbaula zosamala makala ndi kulimbikitsa malamulo. Koma makala a chiphaso ndi ochepa poyerekeza ndi msika, gasi ndi wodula kwa ambiri, ndipo magetsi mukuwadziwa nokha mmene amachitira nthawi yophika.

Apanso nkhani ndi ya kagawidwe ka ntchito. Nthambi ya za Nkhalango ili ndi udindo woteteza mtengo, koma mtengo wa gasi, msonkho wa mbaula ndi kuzima kwa magetsi zili m'manja mwa maofesi ena. Mlonda wapatsidwa ntchito yotseka mpopi umene wina akutsegula. Angalande matumba khumi lero, mawa abwera makumi awiri, chifukwa tauni yonse ikufuna kudya. Ndipo tonse timamva mphekesera za mathiraki amene amadutsa pa rodibuloko bwinobwino pamene wa njinga akulandidwa. Lamulo likamaluma osauka okha, anthu amasiya kuliona ngati lawo.

Anzathu anachita bwanji?

South Korea itatuluka m'nkhondo mu 1953, mapiri ake ambiri anali mbee. Ankadzala mitengo, koma yambiri inkafa kapena kudulidwa. Zinthu zinasintha mu 1973, pamene nthambi ya nkhalango inasamutsidwira ku unduna woyang'anira maboma ang'ono ndi apolisi, ndipo akuluakulu a m'zigawo anayamba kuyankha okha pa mitengo ya m'dera lawo. Owerenga mitengo yopulumuka ankachokera ku chigawo china, kuti munthu asadzichongere yekha mayeso. Nthawi yomweyo mabanja ankasiya nkhuni n'kuyamba kuphikira malasha. Linali boma lankhanza, ndipo zimenezo sitikuzisirira. Koma nzeru yowerenga mitengo yamoyo, yotumiza wowerenga wa kwina, ndi yosintha chophikira, imeneyo ndi yotengeka.

Ku Niger, dziko losauka ndi louma kuposa lathu, mapulojekiti odzala mbande ankalephera. Kuyambira m'ma 1980 alimi anayamba kusamala mphukira za pa zitsa m'minda mwawo, njira imene Tony Rinaudo wa ku Australia anathandiza kufalitsa. Boma litafewetsa malamulo kuti mlimi aziona mtengo wa m'munda mwake ngati wake, malo okwana mahekitala pafupifupi 5 miliyoni anabiriwiranso. Yerekezani nambala imeneyo ndi 4.5 miliyoni imene ife tinalonjeza.

Mafunso oti tizifunsa

Sindikunena kuti tisiye kudzala mitengo, ayi. Kudzala n'kofunika, makamaka ku Chikangawa, m'magombe a mitsinje, m'masukulu ndi m'misewu ya m'tauni muno. Komanso tisaiwale kuti muli alangizi ndi alonda amene akugwira ntchito yoopsa, ena oyenda wapansi mitunda italiitali, kukumana ndi anthu onyamula zikwanje, pa malipiro ochepa. Amenewa akufunika dongosolo lowathandiza. Ndiye tikakumana ndi khansala, phungu, a khonsolo, a madzi kapena a folesiti, kaya pa wailesi kaya pa msonkhano wa m'dera, tiziwafunsa zinthu zoti ayankhe ndi nambala kapena dzina.

Choyamba, pa malo amene munadzala chaka chatha, yapulumuka mitengo ingati, ndipo anawerenga ndani? Ophunzira a za nkhalango pa Mzuni angathe kuchita kalembera ameneyu chaka chilichonse, zotsatira n'kumatidwa pa bolodi ya khonsolo ndi pa intaneti.

Chachiwiri, kodi pali pulani imodzi ya Kaning'ina ndi Lunyangwa imene a folesiti, a madzi, khonsolo ya mzinda, khonsolo ya Nkhata Bay ndi mafumu anasainira limodzi? Ngati ilipo, wapampando wake ndani, ndipo tingaiwerenge kuti?

Chachitatu, pa kwacha iliyonse yopita ku nyengo yodzala, ndi zingati zasungidwira kupalira, kulambula njira za moto ndi kulondera? Kampani imene ikufuna chithunzi cha mu Januwale isainirenso kuti idzasamala malowo zaka zitatu.

Chachinayi, ndalama za ziphaso, za matabwa ndi za makala olandidwa m'chigawo chino zimakwana zingati pa chaka, ndipo zobwerera kuno ndi zingati?

Chachisanu, pa bilu ya madzi imene timalipira, ndi gawo lanji limene limapita kosamala nkhalango imene ikutipatsa madziwo?

Palinso chimene tingachite tokha osadikira yankho la bwana. Foni muli nayo. Mukapita kodzala mitengo nyengo ino, kaya ndi a kutchalitchi, a kusukulu kapena a kuntchito, jambulani malowo, lembani tsiku, nambala ya mbande ndi dzina la gulu limene lalonjeza kusamala. Mu Juni mudzapitenso ndi khasu. Mu Okutobala mudzapitenso, mudzaime pamalo pomwe paja, mudzajambulenso n'kuwerenga yamoyo. Zithunzi ziwirizo mudzaziponye limodzi n'kuwatchula eni ake. Pamene yapulumuka tidzawayamikire poyera, pamene yapsa tidzafunse chifukwa chake.

2030 ija tinalonjeza yayandikira, ndipo damu la Lunyangwa silimva zolankhula za pa mwambo. Limangolandira chimene chatsika m'phiri, kaya ndi madzi kaya ndi matope. Inu kwanuko, mitengo imene munadzala chaka chatha ilipo ingati? Tiuzeni dera lanu ndi nambala yake.